Mzere Wachinayi pa Pepala la a Mbewe

Abale ndi alongo amene mwasonkhana m'holo ino ya parishi, ndikupempha kuti amene muli ndi mafoni muwazimitse. Amene mwabwera mutalawa kale musachite manyazi ndipo musatuluke, khalani pomwepo. Fungo limenelo ndimalidziwa kuposa nonsenu.

Dzina langa ndine Perpetua Sakala, kwathu ndi ku Mlolo. Ena mwa inu mumandidziwa ngati mayi wosaseka uja amene amathandiza ana masamu Loweruka m'chipinda chakumbuyoku. Ena akuluakulu mukukumbukira mkazi amene apolisi anamukweza m'galimoto pa msika wa pa boma pano, bulawuzi itang'ambika, magazi a munthu wina ali m'manja. Onse awiriwo ndine. Koma ndisanakhale mmodzi wa iwo ndinali woyendetsa ndege, ndipo nkhani yanga yagona pa pepala limodzi limene ndinakana kuti liwerengedwe mpaka kumapeto.

Ndiyambe ndi ntchitoyo, chifukwa mukapanda kuimvetsa simumvetsa kukula kwa tchimo langa. Ndinkayendetsa ndege yaing'ono ya kampani ina, imene sinditchula, yonyamula mankhwala ndi madokotala kupita ku mabwalo a fumbi a kumidzi. M'ndege muli makina olondolera njira. M'kati mwa makinawo muli nkhokwe ya njira zonse, ndipo njira iliyonse ili ndi zikhomo zake, monga momwe mumakhomera zikhomo podula malire a munda. Pa chikhomo chilichonse palembedwa kumene ndege ikhotere ndi msinkhu umene iyenera kukhala kuchokera pansi. Mukalowa m'mitambo maso alibenso ntchito. Moyo wanu uli m'manambala amenewo.

Nkhokweyo imakonzedwa mwatsopano pa masabata anayi aliwonse, ndipo amene amalowetsamo manambala ndi anthu, olakwitsa ngati ine ndi inu. N'chifukwa chake pali lamulo limene wophunzira aliyense amaliloweza asanakhudze chiwongolero: njira yotuluka m'makina usaiwuluke usanaiyerekeze ndi pepala. Woyendetsa wachiwiri amagwira pepala la njirayo, nawerenga mokweza mzere umodziumodzi. Kaputeni amayang'ana pa galasi la makina, nayankha kuti zagwirizana kapena sizinagwirizane. Zikagwirizana, wachiwiri amachonga ndi pensulo. Ndi ntchito ya mphindi zitatu basi. Lamulo limenelo ndinaliphunzitsa ndekha kwa anthu ambiri, ndipo ndinkalanga aliyense wolidumpha.

Mmodzi mwa amene ndinawaphunzitsa anali a Lazaro Mbewe a ku Zemba. Ndinawayankhulira ndine kuti alembedwe ntchito, popeza anali munthu wakwathu, wofatsa ndi wosamala. Anali ndi mkazi, mphunzitsi wa ku pulayimale, ndi ana awiri. Ankanditcha a Kaputeni ngakhale tikumane ku maliro.

Mowa ndinauyamba mwaulemu, m'mahotela, pa tambula yokhala ndi mwendo. Ndinali mkazi yekhayo pakati pa amuna, ndipo ndinkafuna kuwaonetsa kuti palibe chimene angandipose nacho. Tambula inasanduka botolo. Botolo linasamukira m'fulasiki yachitsulo imene aliyense ankayesa kuti muli tiyi. Ndinkasita yunifolomu mpaka mzere wa buluku kukhala ngati lumo, ndinkayamwa maswiti onunkhira, ndipo ndinkakalipa kwambiri kuti pasapezeke wondiyandikira n'kununkhiza. Ukali unali mpanda wanga. Mwamuna wanga anachoka nditamugenda ndi mbale pachipumi. Makanika wina ndinamuwomba khofi anthu akuona chifukwa anandifunsa ngati ndagona bwino. Palibe anandineneza. Ankati ndine wolimba pa ntchito.

Tsiku la ngoziyo linali la m'dzinja, mtedza utayamba maluwa. Tinali ndi makatoni a mankhwala opita ku bwalo la fumbi la m'boma lathu lino. Kunali mitambo yolemera, ndipo mutu wanga unkagunda ngati mtondo. Ndinkafuna tinyamuke msanga kuti tikakhala m'mwamba ndimwe za m'fulasiki a Mbewe akuyang'ana kwina.

Tinakhala m'mipando, injini isanalizidwe. A Mbewe analemba dzina lawo pamwamba pa pepala la njira yotsikira, nayamba kuwerenga. Njirayo inali ndi mizere isanu ndi umodzi. Anawerenga woyamba, ndinati zagwirizana. Wachiwiri, zagwirizana. Wachitatu ndinayankha maso ali kunja. Atafika pa wachinayi anaima, nasuzumira pa galasi la makina, pensulo ili pa pepala.

"A Kaputeni, dikirani pang'ono. Apa pakuoneka ngati..."

Sanamalize. Ndinatenga fulasiki ija n'kuwamenya nayo pa dzanja ndi mphamvu zanga zonse. Ndinamva chala chikulira. Ndinawatchula dzina lawo loyamba ngati mwana, ndinawauza kuti mapiri amenewo ndinabadwira pansi pake, kuti tsiku limene nkhokwe inakonzedwa ndaliona ndipo ndi latsopano, ndiponso kuti akatsegulanso pakamwa ndikawalembera lipoti loti samvera kaputeni, abwerere akalime thonje ku Zemba. Anatola pepala, nalibwezera m'kathumba kake ka pulasitiki, nafumbata chala.

Chimene anaona n'ichi. Pa phiri lina la cha ku Pembamoyo anali atamangapo mlongoti wa mafoni. Pepala latsopano linakweza msinkhu wa pa chikhomo chachinayi kuti ndege izidutsa pamwamba pa mlongotiwo. Koma amene analowetsa njirayo m'nkhokwe anasiya nambala yakale. Tsiku la nkhokwe linali lolondola, nambala inali yabodza. Panalibe njira ina yogwirira bodza limenelo koma kuwerenga mzere umenewo mpaka kumapeto.

Tili m'mwamba anayesanso kawiri kuyankhula. Kachiwiriko ndinazula chingwe cha zomvera za m'makutu mwawo. Tinalowa m'mitambo, makina akutsitsa ndege monga mwa nambala yakale. Tikuyandikira chikhomo chachinayi, a Mbewe anagwira chiwongolero cha mbali yawo nayamba kukoka kuti tikwere. Ndinawasinja ndi chigongono pakamwa. Magazi anathira pa malaya awo oyera, koma sanasiye. Anakokabe ndi dzanja lothyoka chala lija. Mtambo utang'ambika ndinaona zitsulo zofiira ndi zoyera zitaima patsogolo pathu, pafupi moti ndikanatha kuwerenga mabawuti ake.

Mlongotiwo tinauphonya chifukwa cha kukoka kwawo. Waya wochirikiza mlongoti sitinauphonye. Unadula nsonga ya phiko ngati mpeni pa nzimbe. Ndege inazungulira, inamenya mtengo, inakhwekhwereza mimba m'munda wa mtedza, kenako inagudubuzika n'kugona chagada. Galasi lonse linatiphulikira kumaso. Katoni ya mabotolo a mankhwala inachoka kumbuyo n'kuwamenya a Mbewe m'mutu. Ndinapezeka ndikulendewera pa lamba, mutu pansi, mafuta akundidonthera m'khosi. A Mbewe anali atakomoka, mwendo utapindikira kumene mwendo supindikira, khungu la pamutu litasendeka. Alimi anabwera ndi makasu ndi nkhwangwa, nadula chitseko, natikokera kutali. Anatiyika pa ngolo ya ng'ombe. Njira yonse yopita ku chipatala mutu wa a Mbewe unali pa miyendo panga, ndipo ndikuuzeni chimene ndinkaganiza: ndinkaganiza za fulasiki, kuti kodi yagwera kuti, ndipo ndani aitole.

Ine ndinathyoka nthiti ziwiri zokha. Pamene tinkafika ku chipatala chachikulu tsiku linali litapita, mowa utatha m'magazi. A Mbewe anatsitsimuka patapita masabata awiri, ndipo m'mawa wa tsiku la ngoziyo unali utafufutika m'mutu mwawo. Ndege yaing'ono ngati imeneyo inalibe makina ojambula mawu. Pepala silinapezeke. Mboni inatsala ndine ndekha.

Ofufuza ngozi atabwera ndinavala yunifolomu yosita, ndinakhala mowongoka, ndipo ndinanama mwadongosolo ngati munthu wophunzira. Ndinati a Mbewe anafika msanga, nandiuza kuti njira yonse aiyerekeza kale ndi pepala ndipo zonse zagwirizana, ine n'kuwakhulupirira. Ndinati wokoka chiwongolero pomaliza ndinali ine. Za chala chothyoka ndi mano awiri ogululuka, aliyense anati ndi ngozi. Ine anandipatsa chenjezo. A Mbewe anawalanda laisensi monga munthu wonena kuti wachita ntchito imene sanachite. Dzina lawo linayamba kutchulidwa m'makalasi ngati chitsanzo cha ulesi umene umapha.

Choipitsitsa n'chakuti iwo eni anakhulupirira. Atayamba kuyenda ndi ndodo anabwera ku ofesi, navula chipewa, nandipepesa kuti anangotsala pang'ono kundipha. Ndinawayankha kuti ndawakhululukira. Mawu amenewo anatuluka pakamwa pano.

Kuyambira pamenepo kutsetsereka kunali kwachangu. Fulasiki imodzi sinakwanenso. Pasanathe chaka anandiyeza mpweya m'mawa wina kuti aone ngati ndamwa, ndipo ndinaphwanya makina oyezerawo pakhoma n'kumukankha dokotala mpaka anagwera pa tebulo. Ntchito inatha. Nyumba ya mu mzinda inatha. Ndinabwerera ku Mlolo ndi sutikesi imodzi, achimwene anga a Sitefano nandipatsa kanyumba kuseri kwa khola. Amene ndinkamwera pa tambula ya mwendo ndinayamba kumwera kachasu m'kachitini ka nsomba. Ndinagulitsa wotchi, nsapato, mpaka jekete la yunifolomu. Alamu anga, akazi a a Sitefano, atabisa mbewu ya mtedza kuti ndisaigulitse, ndinawathamangitsa ndi mpini ndipo ndinawathyola mkono ana awo akuona. Pa msika wa pa boma pano ndinang'amba khutu la mkazi wina ndi botolo losweka chifukwa anandifunsa moseka ngati lero tiwuluka. Ndinagona m'chitokosi cha apolisi, kenako miyezi isanu ndi umodzi m'ndende. Nditatuluka sindinapite kunyumba. Ndinayamba ndadutsira kumene amatcheza kachasu.

Zaka zitatu chichitikire ngozi zinapita chomwecho. Tsopano ndiyankhula pang'onopang'ono, chifukwa ndafika pa tsiku limene ndabwerera pano.

Linali Lachiwiri, dzuwa lisanafike pamutu. Ndinali pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa nyumba yotchezera kachasu, pafupi ndi moto wa mgolo. Kunabwera mayi pa njinga, atavala chitenje pamwamba pa diresi la kuntchito, fumbi lili mpaka m'maondo. Anatsamiritsa njinga pa mtengo, nandiyang'ana nthawi yaitali. Anali amayi Mbewe, akazi a a Lazaro. Anapalasa kuchokera ku Zemba.

Anandipatsa moni mwaulemu, nanditcha a Kaputeni. Anthu amene ndinkamwa nawo anaseka. Ndinawauza kuti ngati abwera kudzapempha chithandizo alakwitsa khomo, ndipo akafunse mwamuna wawo waulesiyo chimene anatigwetsera. Ananena kuti abwera ndi pepala loti ndiwawerengere. Nditaona kathumba ka pulasitiki kaja kakutuluka m'chikwama mwawo, thupi langa linakazindikira mutu usanakazindikire. Ndinagwira botolo pakhosi n'kuwalumphira.

Mayi amene amapalasa njinga tsiku ndi tsiku ndi kulima thonje salimbana ndi chidakwa nthawi yaitali. Anazinda, nasolola pampu ya njinga, nandimenya nayo pa dzanja mpaka botolo linagwa. Anandimenya m'nthiti zothyoka kale zija, pakamwa, pamsana. Ndinagwa chafufumimba m'phulusa. Anandigwada pamsana ndi bondo, nandigwira tsitsi, nandidzutsa mutu. Palibe analeretsa. Anayika pepala lija pansi patsogolo pa maso anga, magazi a m'kamwa mwanga akudonthera pa pulasitiki.

Ali chigwadire pamsana panga anandifotokozera, mawu awo osakwera n'komwe. Sabata yapitayo a Mbewe anamwa mankhwala opopera thonje. Anawapeza kuseri kwa nkhokwe ya chimanga akuchita thovu, nathamangira nawo ku chipatala, ndipo anapulumuka mwa chisomo chokha. Zaka zitatu zonsezo ankadzuka m'mawa uliwonse n'kunena kuti iwo ndi munthu wabodza amene anawononga moyo wa a Kaputeni, ndipo atamva kuti ine ndalowa m'ndende anati tchimo limenelonso ndi lawo. Mlimi wa munda umene tinagweramo atamva kuti munthu amene anamupulumutsa uja wagonekedwa m'chipatala, anapita kukazonda, natenga pepala limene analitola popalira chaka cha ngoziyo n'kulisomeka kudenga. Kuwerenga sankadziwa. Anangoti mwina mwini wake angalifune.

"Ine za ndege sindizidziwa," anatero amayi Mbewe. "Koma ndachonga makope a ana zaka khumi ndi zisanu. Apa pali zochonga zitatu. Pa mzere wachinayi pensulo yathawa mpaka yang'amba pepala. Mzere wotere ndimaudziwa, a Kaputeni, ndipo ndimachita nawo manyazi, chifukwa ndinaulembetsapo ana. Umalembeka munthu akamenyedwa pa dzanja akulemba. Munali awiri m'ndege muja. Anawamenya ndani?"

Ndinayang'ana mzerewo. Unayambira pamene pensulo inaima, n'kutsetsereka mopingasa mpaka kumphepete. Zaka zitatu ndinkamwa kuti ndisaone chinthu chimenecho, ndipo tsopano chinali pafupi ndi mphuno yanga, cholembedwa ndi dzanja la munthu amene ndinamuphunzitsa ndekha kuchonga. Pamwamba pake panali dzina lawo, m'zilembo zoongoka zija.

Anandisiya, naimirira, nakonza chitenje. Ndinkayembekeza kuti atenga pepalalo apite nalo kwa akuluakulu. Sanatero. Anati akapita nalo iwo, anthu adzati mkazi akuteteza mwamuna wake, ndipo a Mbewe eni ake sadzakhulupirira pepala kuposa mawu a kaputeni wawo. Anati pepala lilibe pakamwa, pakamwa pali pa ine. Anabwezera pampu pa njinga.

"Moto uli apowo. Mukafuna litentheni. Ndikamva kuti mwatentha, ndidziwa choti ndikawauze ana bambo awo akadzayesanso."

Anakwera njinga napita.

Ndinakhala m'phulusamo, pepala lili m'manja, moto wa mgolo uli pafupi moti ndikanangotambasula dzanja. Mmodzi wa anzanga akumowa anandibweretsera kachitini kodzaza kuti nditsukire magazi m'kamwa. Ndinakalandira. Ndisanamwe, ndinachita chinthu chimene ndinali ndisanachite chiyambire m'mawa wa ngozi uja: ndinawerenga mzere wachinayi mpaka kumapeto. Nambala ya pa pepala ndinaiona. Nambala yakale ya m'makina ndinkaidziwa pamtima, popeza njirayo ndinaiwuluka kambirimbiri. Zinasiyana ndi mafiti mazana asanu. Ndinamva pakamwa panga pakunena mokweza yankho limene linachedwa zaka zitatu, kuti sizinagwirizane. Anzanga aja anaseka, nati a Kaputeni ayamba kuyankhula okha. Ndinayika kachitini pansi osamwa, ndinalowetsa pepala m'bulawuzi, ndipo ndinayenda mokwawira mpaka kwa achimwene anga.

Musaganize kuti kuchokera apo zinayenda mosalala. Ndikuuzani zimene ndinachita, mwa ndondomeko yake, chifukwa ena mwa inu muyenera kuziyamba lero.

Ndinayamba ndi thupi. Munthu amene wamwa zaka zambiri akasiya mwadzidzidzi yekha m'nyumba angathe kufa, musayese. Achimwene ananditengera ku chipatala pa njinga, ngakhale mkono wa akazi awo unali utapola mokhota chifukwa cha ine. Masiku asanu ndinanjenjemera, ndinasanza, ndinaona zinthu zoyenda pakhoma, ndipo anachita kundimanga manja pa bedi chifukwa ndinaluma namwino. Pepala ndinapatsa achimwene kuti asunge, ndi kuwauza kuti ngakhale ndilire motani asandibwezere mpaka mutu utakhazikika. Tsiku lachitatu ndinawalirira kuti alitenthe. Anakana.

Kenako ndinapita kukalapa. Bambo mfumu anandimvetsera mpaka kumapeto, nandiuza mosapsatira kuti bodza limene likudyabe munthu wamoyo silithera m'kachipinda kolapira. Ndinalemba kalata ya masamba anayi kwa ofufuza ngozi. Ndinalembamo za fulasiki, za chala, za chingwe chimene ndinazula, za chigongono, ndi za amene anakoka chiwongolero. Ndinasaina ndi dzina langa lonse. Anandiitana ku Lusaka, ndipo ndinabwereza zonsezo pamaso pa anthu amene kale ankaimirira ndikalowa. Laisensi yanga anaifafaniza kotheratu, monga kunayenera. Dzina la a Mbewe analiyeretsa, ndipo m'kaundula munalembedwa kuti anthu awiri ali moyo chifukwa cha dzanja lawo.

Koma kalata isanapite ndinayenera kupita ku Zemba, kuti asamve kwa anthu ena. Ulendo umenewo unandiopsa kuposa wa ku Lusaka. Ndinayenda wapansi. Ndinawapeza atakhala pakhonde, ndodo ili pambali, ataonda ngati munthu wodwala chaka chathunthu. Atandiona anayesa kuimirira ndi kuvula chipewa. Ndinawapempha kuti akhale, ine n'kugwada pa dothi. Amayi Mbewe anaima pakhomo atapinda manja.

Ndinawapatsa pepala ndi pensulo, ndipo ndinawafotokozera m'mawa umene iwo anauiwala, kuyambira pa moni mpaka pa waya. Sindinasiye kanthu. Anamvetsera akuyang'ana chala chawo chokhota chija, ngati akuchiona koyamba. Kenako anatola ndodo yawo n'kuimenyetsa pa mzati wa khonde, kamodzi, kawiri, katatu, mpaka inathyoka, chidutswa n'kundilasa pa tsaya apa pamene mukuona chipserachi. Ine sanandimenye. Ndikanakonda akanandimenya. Analira ngati munthu wolandira uthenga wa maliro, ndipo anandifunsa funso limodzi lokha: tsiku lija anabwera kudzandipepesa, ndinkamva chiyani m'mtima pamene ndinkati ndawakhululukira? Ndinayankha zoona, kuti ndinkamva mpumulo.

Atapukuta maso anawongola pepala pa bondo, nawerenga mzere wachinayi mokweza, ndi mawu a kuntchito: dzina la chikhomo, kokhotera, msinkhu. Anandiyang'ana.

"Sizinagwirizane, a Mbewe," ndinatero.

"Ndiye sitinyamuka, a Kaputeni."

Analemba mtanda pambali pa mzerewo, pamwamba pa chong'ambika chija.

Lero a Mbewe ali ku Lusaka. Kuwuluka sangathenso chifukwa cha kuvulala kwa m'mutu, koma amaphunzitsa achinyamata ofuna kuyendetsa ndege, ndipo ndimamva kuti palibe wophunzira amene amadutsa m'manja mwawo asanadziwe kuyerekeza makina ndi pepala. Ana awo amayenda ndi dzina la bambo awo mosaweramitsa mutu. Alamu anga ndimawalimira ndi kuwatungira madzi, popeza mkono wawo sunyamulanso ndowa. Zimenezo sizibweza mkono, ndipo sindinamizira kuti zimabweza.

Tsopano mverani chimene ndatolapo, inu amene mwabwera ndi fungo. Mutu wa chidakwa uli ngati nkhokwe ya m'makina ija. Kunja umaoneka watsopano, umayankhula molimba mtima, koma m'kati muli nambala yakale imene imati botolo limodzi silipha, kapena kuti ukwati wa mphwako sungaukhale wosalawa. Nambala imeneyo siidzilengeza yokha kuti ndi yabodza. Akuluakulu anati ndidziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo. Choncho ine ndili ndi pepala langa, limene ndinalilemba mutu uli bwino: malo amene sindipita, anthu amene sindikhala nawo, njira ya ku msika imene sindidutsa ngakhale ili yachidule. M'mawa uliwonse achimwene amandifunsa za ulendo wa tsikulo, ine n'kunena, iwo n'kuyang'ana pa pepala. Akati sizinagwirizane, sindinyamuka, ngakhale mutu wanga ulumbire kuti njirayo ndinabadwira pansi pake. Ndine mkazi wa zaka zopitirira makumi asanu, wa masatifiketi odzaza sutikesi, ndipo ndimapempha chilolezo kwa mlimi amene analekeza giredi faifi. Sindichita nazo manyazi. Pezani munthu wanu wokuwerengerani, ndipo akaima pakati pa mzere n'kunena kuti dikirani pang'ono, manja anu akhale pa maondo. Ndiponso ngati pali munthu amene akusenza mlandu wanu, musadikire kuti mkazi wake akupezeni ndi pampu. Mwina iye sadzapulumuka ku mankhwala a thonje.

Ena amandifunsa ngati a Mbewe anandikhululukira. Sindikunamizani m'nyumba ya Mulungu. Tsiku lija, nditaimirira kuti ndizipita, ndinawakumbutsa kuti pa pepalapo patsala mizere iwiri yosawerengedwa. Analipinda, naliyika m'thumba la malaya, nanena kuti lero ayi. Akadzakonzeka adzanditumira uthenga kuti tidzamalize.

Papita zaka zisanu ndi chimodzi. Uthengawo sunafike. Ungafike mawa m'mawa, ungafike ndili ndi imvi zokhazokha, mwinanso sudzafika. Koma tsiku limene udzafike, a Mbewe akadzawerenga mzere wachisanu n'kukweza maso, ayenera kudzapeza munthu wa maso oyera ndi manja osanjenjemera, wokhoza kuyang'ana bwinobwino asanayankhe. N'chifukwa chake dzulo sindinamwe, ndipo lero sindimwa.

Mapepala ndi mapensulo ali pa tebulo apo pafupi ndi khomo. Amene sadziwa kulemba akhale pambali panga, ndimulembera. Tiyambe ndi inu, bambo a jekete lofiira, amene mwakhala mukuyang'ana kukhomo chiyambire.